N'chifukwa chiyani sitima zapansi pa madzi zinalephera kutsamwitsa Japan mu 1942?

Mphunzitsi wa ku Chilomoni analemba:

Moni nonse okonda mbiri yakale. Ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Blantyre, ndipo teremu ino ana anga a Fomu 4 afika pa mutu wa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse. Lachinayi lapitali ndinkawafotokozera kuti dziko la Japan ndi la pazilumba, lilibe mafuta okwanira, lilibe labala, miyala yake yopangira chitsulo ndi yochepa, ndiponso kuti chimodzi mwa zinthu zimene zinalikankhira kunkhondo ndi chakuti mu 1941 America, Britain ndi Netherlands anasiya kuligulitsa mafuta. Ndinawalozera pamapu zitsime za mafuta za ku Palembang pachilumba cha Sumatra ndi za ku Tarakan ndi Balikpapan ku Borneo, kenako ndinakweza chala mpaka kumene kuli Japan. Mtsikana wina wokhala kumbuyo anaimika mkono n'kufunsa kuti, ngati mafuta onsewo ankayenera kuwoloka nyanja, bwanji adani a Japan sanangomiza zombo zonyamula mafutazo kuti nkhondo ithe msanga.

Funso la mwanayu landikhala mumtima chifukwa maganizo akewo ndi amenenso akuluakulu a asilikali a America anali nawo. Lamulo loti sitima zawo zapansi pa madzi ziyambe kumiza chombo chilichonse cha Japan popanda chenjezo linachokera ku Washington pa 7 Disembala 1941, tsiku lomwelo limene Japan anachita chiwembu ku Pearl Harbor, doko la America ku Hawaii, patangopita maola ochepa. Pachiwembucho panalibe sitima yapansi pa madzi ya America imene inamira, ndipo ku Manila, ku Philippines, kunali zina 29 zimene zinali kale pafupi ndi njira za zombo za Japan. Ngakhale zinali choncho, chaka chonse cha 1942 katundu ankafikabe ku Japan, ndipo kutsamwa kwenikweni kunadzabwera mu 1944. Ndikupempha amene anaiwerenga bwino nkhaniyi andithandize kuiyala: kodi chimene chinavuta m'miyezi yoyambirirayo zinali zida, anali anthu oyendetsa sitimazo, kapena anali machenjera a Ajapani?

Makaniko wa ku Ndirande anayankha:

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha funsoli. Ine ntchito yanga ndi ya injini, choncho ndiyamba ndi chida, pakuti pamenepo ndi pamene ndikuona kuti panagona theka la vuto lonse.

Chida chachikulu cha sitima zimenezi chinali bomba loyenda lokha m'madzi, lija amati torpedo, ndipo mtundu umene sitima zatsopano za America zinkanyamula unali Mark 14. Linkapangidwa ku Newport m'chigawo cha Rhode Island, limodzi linkadya ndalama pafupifupi madola 10,000, ndipo chifukwa cha kudula kwakeko akuluakulu sanalole kuti liyesedwe mwa kuliphulitsadi pachombo nkhondo isanayambe. Poyeserera ankachotsa mutu wa wonga n'kuikapo mutu wopepukirapo wodzaza madzi kuti akatha alitole n'kuligwiritsanso ntchito. Munthu aliyense amene anakonzapo galimoto akudziwa kuti lole imene yayenda bwino ili yopanda katundu ingathe kuonetsa khalidwe lina ikasenza matumba a simenti pachitunda cha ku Chileka. Bombali linali ndi zilema zitatu, ndipo choipitsitsa chinali chakuti chilema chilichonse chinkabisa chinzake.

Choyamba, linkayenda mozama kuposa mmene alitchera, mwina ndi mamita atatu, motero linkangodutsa kunsi kwa chombo osachikhudza. Kaputeni Tyrrell Jacobs wa sitima ya Sargo anaponya mabomba 13 mu Disembala 1941 popanda kumiza kanthu, ndipo atadandaula, a ofesi yoona za zida ku Washington anaumirira kuti olakwa ndi oponyawo. Amene anaganiza zoyesa yekha anali Charles Lockwood, mkulu wa sitimazi ku Fremantle m'dziko la Australia. Mu Juni 1942 anatchera ukonde wa asodzi ku Frenchman Bay pafupi ndi Albany, analamula sitima ya Skipjack kuti iponye mabomba paukondewo, kenako anauvuula n'kuyeza pamene panaboka. Mabowo anali m'munsi kwambiri kuposa pamene anayenera kukhala. A ofesi ija anayamba atsutsa kuti kuyezako sikunali kwa akatswiri, ndipo anadzavomera mu Ogasiti 1942, patapita miyezi pafupifupi isanu ndi itatu chiyambire nkhondo.

Atakonza za kuzamako m'pamene chilema chachiwiri chinaonekera. Bombali linali ndi kachipangizo kachinsinsi kotchedwa Mark 6, kamene kankayenera kumva mphamvu ya maginito ya chitsulo cha chombo n'kuphulitsa bombalo lili kunsi kwenikweni kwa chombocho kuti chithyoke msana. Nzeruyo inali yabwino papepala, koma mphamvu ya maginito ya dziko lapansi siifanana paliponse, ndipo kachipangizo kamene kanatcheredwa m'madzi a kumpoto kwa America kankasokonezeka m'nyanja za kufupi ndi pakati pa dziko. Mabomba ambiri ankaphulika asanafike. Kaputeni akaona madzi atathovoka m'mwamba ndi kumva kugunda ankalemba kuti wamiza chombo, pamene chombocho chapitirira ulendo wake, ndipo kuphulikako kwangouza operekeza pamene pali sitima yake. Chester Nimitz, mkulu wa asilikali apamadzi a America ku Pacific, analamula kuti kachipangizoka kazimitsidwe mu Juni 1943, koma ku Fremantle kanapitirirabe mpaka kumapeto kwa chakacho, chifukwa amene ankalamulira kumeneko pa nthawiyo, Ralph Christie, anali mmodzi mwa anthu amene anakapanga.

Chachitatu ndi chimene chimandipweteka kwambiri monga mmisiri. Bomba likagunda chombo mwachindunji, kapini kamene kankayenera kuthamanga n'kukayatsa wonga kankapindika kapena kukanirira m'njira yake chifukwa cha mphamvu ya kugundako, motero kuponya kolunjika bwino ndi kumene kunkalephera, pamene kuponya kopendekera kunkaphulika. Pa 24 Julayi 1943 sitima ya Tinosa inakumana ndi Tonan Maru No. 3, chombo chachikulu cha matani pafupifupi 19,000 chimene kale chinali chopha anamgumi ndipo tsopano chinkanyamula mafuta. Mabomba oponyedwa mopendekera anachiimitsa. Kaputeni Lawrence Daspit anasendera pafupi, anaima pamalo abwino, n'kuyamba kuponya limodzilimodzi pachombo chongoima, ndipo ankaona ndi maso ake mabombawo akugunda n'kumira osaphulika. Ataponya 15 anasunga lomaliza kuti akalionetse ku Pearl Harbor. Kumeneko anayesa ena powaponya pamatanthwe a chilumba cha Kahoolawe ndi pogwetsa mitu yake kuchokera pamwamba ndi makina okwezera katundu, ndipo chilemacho chinakonzedwa cha mu Seputembala 1943 poika kapini kopepuka.

Muwerenge nokha, Aphunzitsi: kuyambira Disembala 1941 kufika Seputembala 1943 ndi miyezi 21. Ine ndinagulapo mapampu a dizilo kwa wogulitsa wina, onse a katoni imodzi anali olakwika, koma nditabwerera anandiuza kuti vuto ndi manja anga. Ndikawerenga za akaputeni aja ndimamva mkwiyo womwewo, kungoti iwo ankalipira ndi miyoyo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo n'chifukwa chake anakonza zinthu ndi anthu a kudoko, osati a kuofesi.

Wa zamtengatenga ku Limbe adayankha:

Bambo a ku Ndirande alongosola bwino za bomba, koma ndikuopa kuti tikaimira pomwepo ana aja adzaganiza kuti bomba likadakhala labwino nkhondo ikadatha mu 1942, zimene ine sindikuvomereza. Ntchito yanga ndi yoona za katundu wodutsa m'malire, ndiye ndimaiona nkhaniyi ndi diso la munthu wowerenga malole ndi njira.

Dziko la Japan lidalowa m'nkhondo lili ndi zombo zamalonda za matani pafupifupi 6 miliyoni, ndipo akuluakulu ake adawerengera kuti matani 3 miliyoni ndi amene ankafunika kuti mafakitale aziyenda ndiponso anthu azidya, zotsalazo n'kubwerekedwa ndi asilikali. Zimene sitima zapansi pa madzi za America zidamiza m'chaka chonse cha 1942 sizidafike matani 1 miliyoni, ndipo pafupifupi zonsezo Ajapani adazibweza ndi zombo zatsopano komanso zimene adalanda m'madoko a mayiko amene adagonjetsa. Zombo zonyamula mafuta zidachita kuchuluka m'chakacho m'malo mochepa. Izi zikutiuza kuti nkhani siyinali ya kuchuluka kwa zomizidwa kokha, koma ya mtundu wa chombo chimene chamizidwa ndi malo amene mlenje waima.

Ife a ku Malawi sitifunika kuuzidwa zambiri pamenepa. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za ku Beira ndi Nacala m'zaka za m'ma 1980, katundu wathu adayamba kuzungulira njira zazitali ndipo mitengo idakwera, ngakhale kuti panalibe amene adaponya bomba pa Blantyre. Amene adagona pamizere ya mafuta mu 2011 ndi 2012 akudziwanso kuti thanki imodzi ya dizilo ikachedwa, zinthu khumi zimaima. Njira ya mafuta ya Japan inali ndi khosi lake, makamaka pampata wa pakati pa Luzon, chilumba cha ku Philippines, ndi Formosa, chilumba chimene lero timati Taiwan, pamene zombo zochokera ku Singapore ndi Borneo zinkadutsa popita kumpoto. Munthu wofuna kutsamwitsa dzikolo akadaunjika sitima zake pamenepo n'kuziuza kuti zisake zonyamula mafuta. M'malo mwake, mu 1942 sitimazo zidamwazidwa: zina zinkadikirira kunja kwa madoko otetezedwa kwambiri monga Truk kuti mwina zipeze zombo zikuluzikulu zankhondo, zina zinkatumidwa kukazonda, zina kukatula zipolopolo ku Corregidor, kachilumba ka pafupi ndi Manila, ndi kukatengako anthu, ndipo ina, ya Trout, idachokako itanyamula golide ndi siliva wa ku Philippines. Mapanga awiri avumbwitsa, nanga awa anali angati? Lamulo loika zonyamula mafuta patsogolo lidabwera mochedwa.

Palinso za madoko awo eniake. Pa 10 Disembala 1941 ndege za Japan zidaphulitsa doko la Cavite pafupi ndi Manila, sitima ya Sealion idawonongeka, ndipo mabomba oposa 200 adapsa tsiku limodzi. Sitima zotsalazo zidathawira ku Java ndi Darwin, ndipo Java atagwa zidakakhazikika ku Fremantle mu Malichi 1942. Za ku Pearl Harbor zinkayenda makilomita oposa 6,000 kuti zifike kugombe la Japan, motero paulendo wa miyezi iwiri masabata ambiri ankathera panjira.

Za anthu nazonso zilipo. Nkhondo isanayambe akaputeni adaphunzitsidwa kuti ntchito yawo ndi kuthandiza zombo zikuluzikulu zankhondo, kuti ndege ikawaona atha, ndiponso kuti njira yabwino ndi kubisala mozama n'kuponya bomba potsata phokoso la chombo osachiona. Amene ankagwidwa pamayesero ankadzudzulidwa, choncho amene adakwera maudindo anali anthu osamala kwambiri. Ajapani atabwera ndi zombo zoposa 70 kudzatsitsa asilikali ku Lingayen Gulf pachilumba cha Luzon pa 22 Disembala 1941, chimene chidamira ndi mabomba a sitimazi m'gombemo chinali Hayo Maru chokha, ndipo idachimiza ndi S-38, sitima yakale yogwiritsa mabomba akale a Mark 10. M'chaka cha 1942 pafupifupi kaputeni mmodzi mwa atatu aliwonse adachotsedwa paudindo. Ena mwa iwo ndikuwamvera chisoni, chifukwa adachotsedwa pa mlandu wa bomba lija Bambo a ku Ndirande afotokoza.

Chodabwitsa n'chakuti kulephera kumeneku kudagoneka Ajapani tulo. Asilikali awo apamadzi ankalota za nkhondo imodzi yaikulu ya zombo zankhondo zokhazokha, ndipo ntchito yoperekeza zombo za mpunga ndi malasha ankaiona ngati yonyozeka. Zombo zambiri zinkayenda zokhazokha popanda mdipiti, ndipo likulu loona za kuperekeza zombo zamalonda lidakhazikitsidwa mu Novembala 1943. Pofika nthawiyo Amereka anali atakonza bomba, ataika radar (chipangizo choonera zombo zili patali), atayamba kuwerenga mauthenga achinsinsi a zombo zamalonda amene ankanena njira ndi malo amene chombo chidzakhale masana, ndipo mu 1944 mokha adamiza matani oposa 2 miliyoni.

Wowerenga wa ku Zingwangwa anayankha:

Ndingowonjezera chinthu chimodzi chimene chimaiwalika kawirikawiri. M'masabata oyambirira a nkhondoyi, amene anavutitsa kwambiri zombo za Japan sanali Amereka koma sitima zochepa za dziko la Netherlands zimene zinali ku Dutch East Indies, dziko limene lero ndi Indonesia, moti mkulu wawo Conrad Helfrich anapatsidwa dzina lomutama kuti amamiza chombo tsiku lililonse. Pa 12 Disembala 1941 sitima ya O 16 inalowa usiku m'madzi osaya a ku Pattani, kugombe la Thailand, n'kuphulitsa zombo zonyamula asilikali zimene zinali zitaima pamenepo, ngakhale kuti chifukwa cha kusaya kwa madziwo Ajapani anadzavuula zina n'kuzikonza. Patapita masiku atatu O 16 inagunda bomba lotcheredwa m'madzi ndipo anapulumuka munthu mmodzi yekha, amene anasambira kwa maola oposa 30. Sitima ya K XIV inamiza zombo zonyamula asilikali kufupi ndi Kuching ku Borneo pa 23 Disembala, ndipo tsiku lotsatira K XVI inamiza chombo chankhondo cha Sagiri, koma nayo inamizidwa ndi sitima yapansi pa madzi ya Japan pa tsiku la Khirisimasi.

Izi zikugwirizana ndi mfundo za onse awiri amene alemba pamwambapa. Mabomba a Adatchi ankaphulika, ndipo akaputeni awo ankalowa pafupi mopanda mantha, koma mtengo wake unali wakuti Disembala asanathe anali atataya sitima zinayi, ndipo analibe kwina kotenga zina popeza dziko lawo linali m'manja mwa Germany kuyambira 1940. Kumbali ya America, chombo choyamba chotsimikizika kumizidwa chinali Atsutasan Maru, cha matani oposa 8,000, chimene sitima ya Swordfish inamiza kufupi ndi chilumba cha Hainan pakati pa mwezi womwewo.

Mayi wa ku Namiwawa anayankha:

Abambo nonse mwalemba zothandiza, koma ndaona kuti tikukamba za matani ngati kuti zombozo zinkayenda zopanda anthu. Aphunzitsi, ngati nkhaniyi ikukafika kwa ana, ndikupempha kuti mbali iyi isatsale.

Lamulo lija la pa 7 Disembala linali kuphwanya pangano limene America yemweyo anasainira. Pangano la ku London la 1930, limene linabwerezedwa mu 1936, linkanena kuti sitima yapansi pa madzi isamize chombo chamalonda isanaike anthu ake pamalo otetezeka. Tikumbukirenso kuti chimodzi mwa zifukwa zimene America analowera m'Nkhondo Yoyamba mu 1917 chinali chakuti Germany ankamiza zombo popanda chenjezo. Mchitidwe umene anautcha wankhanza pamene ankauchita ndi ena anautenga tsiku loyamba lenileni. Nkhaniyi inadzatulukanso pamilandu ya ku Nuremberg mu 1946, pamene Nimitz anapereka umboni wolemba wovomera kuti America anamenya nkhondo yotereyi ku Pacific kuyambira pachiyambi, ndipo oweruza ananena kuti chilango cha Karl Dönitz, mkulu wa sitima zapansi pa madzi za Germany, sichinawerengere kuphwanya kwake malamulo a nkhondo ya sitimazi. Anamupatsa zaka 10 pa milandu ina.

Tsopano taonani amene anali m'zombo zina zimene zinamira mu 1942 momwemo. Pa 8 Meyi sitima ya Grenadier inamiza Taiyo Maru, chombo chachikulu chimene chinanyamula akatswiri ndi amisiri opita kukadzutsa zitsime za mafuta ndi ntchito zina m'mayiko olandidwa, ndipo anthu oposa 800 anafa. Bambo a ku Limbe anganene, ndipo sangalakwe, kuti kumiza kumeneku kunapweteka Japan kuposa zombo khumi za malasha, koma ambiri mwa akufawo sanali asilikali. Pa 1 Julayi sitima ya Sturgeon inamiza Montevideo Maru kufupi ndi Luzon, osadziwa kuti m'kati mwake munatsekeredwa akaidi oposa 1,000 ochokera ku Rabaul, ambiri a iwo a ku Australia, ndipo panalibe mkaidi amene anapulumuka. Mabanja awo anadziwa zimenezi nkhondo itatha, ndipo chombocho chinapezeka mu Epulo 2023 pansi pa nyanja, pakuya mamita oposa 4,000. Pa 1 Okutobala sitima ya Grouper inaphulitsa Lisbon Maru, chimene chinanyamula akaidi a ku Britain oposa 1,800 ochokera ku Hong Kong. Alonda anatseka zitseko za zipinda za katundu mmene munali akaidiwo, ena amene anathyola n'kudumphira m'madzi anawomberedwa, ndipo oposa 800 anafa. Asodzi a ku China a pazilumba za Zhoushan anapalasa mabwato awo n'kuvuula oposa 300.

Mlandu waukulu pa zombo ziwiri zomalizazi uli pa amene ananyamula akaidi m'zombo zopanda chizindikiro chilichonse, ndipo sindikufuna kuupeputsa. Koma palinso nkhani ya Dudley Morton wa sitima ya Wahoo, amene amatamandidwa kuti ndiye anaonetsa anzake kumenya nkhondo molimba mtima. Mu Januwale 1943, atamiza Buyo Maru, anatumphukira pamwamba n'kulamula kuti mabwato a opulumuka awomberedwe, ndipo zinadzadziwika kuti ambiri mwa anthuwo anali akaidi a ku India. Kulimba mtima kumene Bambo a ku Limbe akuti kunkasowa mu 1942 kutabwera, kunabwera ndi zimenezinso. Morton ndi anthu ake onse anafa mu Okutobala chaka chomwecho, ndipo pa nkhondo yonse America anataya sitima zotere 52 ndi anthu pafupifupi 3,500.

Mphunzitsi wa ku Chilomoni analembanso:

Ndathokoza kwambiri nonse. Mayi, mbali imene mwatchulayo ndiiphatikiza, ndipo ndikuganiza zowapatsa anawo mawu a pangano la 1936 pamodzi ndi lamulo la pa 7 Disembala kuti akambirane okha m'magulu. Bambo a ku Ndirande, nkhani ya ukonde ija ndidzaijambula pabolodi, chifukwa ana ambiri amene ndimaphunzitsa ali ndi abale ku Mangochi ndipo adzaimva msanga. Chatsala n'chimodzi: ana amakonda kufunsa kuti zimenezi zikutikhudza bwanji ife a kuno. Kodi pali chingwe chimene chingalumikize nkhondo ya sitimazi ndi Nyasaland?

Wa zamtengatenga ku Limbe adayankhanso:

Chingwecho chilipo, Aphunzitsi, kungoti chimachokera mbali inayo, ya sitima zapansi pa madzi za Japan. Mu 1942 katundu wa Nyasaland, fodya ndi tiyi wotuluka komanso mafuta ndi nsalu zolowa, ankadzera padoko la Beira, ndipo nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar inali njira yaikulu ya zombo za Britain zopita ku Egypt ndi India pozungulira kumwera kwa Africa. Usiku wa pa 30 Meyi 1942 tisitima ting'onoting'ono ta Japan tidalowa padoko la Diego Suarez kumpoto kwa Madagascar, tidavulaza chombo chankhondo cha Ramillies n'kumiza chonyamula mafuta cha British Loyalty. M'miyezi ya Juni ndi Julayi sitima zawo zikuluzikulu zidamiza zombo zamalonda pafupifupi 20 m'nyanja yomweyo ya Mozambique. Kenako zidachoka, chifukwa akuluakulu awo ankaona kusaka zombo za katundu ngati ntchito yapambali, maganizo omwe aja amene adawalepheretsa kuteteza zombo zawo.

Mantha oti Japan angakhazikitse doko la sitimazi ku Madagascar ndi amene adachititsa Britain kulanda chilumbacho, ndipo asilikali a King's African Rifles (KAR) ochokera ku Nyasaland anali m'gulu limene lidatsika ku Majunga mu Seputembala 1942 n'kuyenda mpaka ku Tananarive. Ena adawoloka nyanja ya India kupita ku Ceylon (lero Sri Lanka) mu 1943, ndipo kuchokera kumeneko adakamenya nkhondo ku Burma mu 1944. Ulendo wa panyanjawo sunali wamasewera: pa 12 Febuluwale 1944 sitima ya Japan ya I-27 idamiza Khedive Ismail kufupi ndi zilumba za Maldives, chombo chochokera ku Mombasa chimene chidanyamula asilikali a mizinga a kum'mawa kwa Africa pamodzi ndi anamwino, ndipo anthu pafupifupi 1,300 adafa m'mphindi zochepa.

Agogo anga aamuna adawoloka nyanja imeneyo ali msilikali wa KAR. Za nkhalango za ku Burma ankasimba momasuka tikakhala pakhonde madzulo, koma za m'chombo ankangonena kuti usiku ankaletsedwa kuyatsa ngakhale ndudu, ndiponso kuti ankagona atavala chovala choyandamitsa pamadzi, iwo amene anali asanasambirepo pena paliponse kupatula mumtsinje wa Likangala.